Seva Tinaikwirira ndi Mwini Wake

Sutikesi ija inalowa m'manda chifukwa cha ine. Anthu onse anaona, akatekisiti nawo anaona, ndiye pasapezeke wina wonena kuti ine Esnat ndinachita mobisa. Adzukulu atatsitsa bokosi la amuna anga, a Stefano, ndinadutsa pakati pa azimayi oyimba nditaisenza pamutu, n'kuitula m'mphepete mwa dzenje. Ndinauza a Gregorio, mkulu wa adzukuluwo, kuti aiike chakumiyendo. Iwo anandiyang'ana, anayang'ananso alamu anga a Helena, kenako anailandira. Dothi linabwera pamwamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndimo mmene ndinkaganizira.

A Stefano anali okonza mawailesi pa Njuli. Mu 2004 kunabwera bungwe lina lothandiza anthu omwa mankhwala otalikitsa moyo, dzina lake sindilitchula. Linachita lendi tizipinda pa Njuli, ku Milepa ndi ku Mauwa, n'kuikamo makompyuta akalekale olembamo za odwala, kuti uyu amamwa akuti, uyu akutiakuti anamutulutsa zidzolo, uyu tamusinthira ena. Koma makompyutawo sankamvana. Waya wa foni wowalumikiza kunalibe. Munthu wa ku Milepa akapita kumaliro ku Njuli mankhwala n'kumuthera komweko, a pa Njuli ankangomuyang'ana ngati mlendo.

Ndiye bungwe linaitana a Calvin a ku Blantyre, bambo wadazi wovala mandala, wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Iwo anafuna munthu wa manja, anthu n'kuwalozera kwa amuna anga. Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa awiriwa ankakhala pakhonde panga, mawaya ali mbwee, tiyi akuzizira m'makapu. Anagwirizana kuti poti makompyuta sangauzane nkhani okha, apange chinthu choyenda, chosunga za odwala onse, chimene chizifika pamalo n'kulumikizidwa ndi waya, kompyuta ya pamalopo n'kutsanuliramo zake n'kuwerengamo za anzake. Chinthucho anachitcha seva.

Yoyamba inali kompyuta yathunthu yomangirira pa kaliyala wa njinga yamoto. Inafa pa dzenje loyamba. Yachiwiri inkatentha ngati mbaula. Ndipamene a Stefano anatenga sutikesi yachitsulo imene tinagulira mwana wathu Angella yopitira ku sekondale, n'kuiboola ndi msomali m'mbali monse kuti mphepo izilowa. Anaikamo zamkati za kompyuta yakufa, kafani, ndi kabatire. Mwana anapita kusukulu ndi chikwama cha saka. Zinthu zija zitayamba kugwedezeka m'njira, tsiku lina ndili kudimba, bamboyo anatenga mpeni n'kucheka matiresi athu chakumiyendo, mbali yanga, kuti siponji akayalire seva. Kuchokera tsiku limenelo zidendene zanga zinkagona pamphasa, seva ikugona pofewa. Ndinawauza kuti ngati akwatira wachiwiri anene poyera, ankhoswe adziwe. Anaseka. Munthuyo ankaseka chilichonse, ndiye kukangana naye kunali ngati kumenya madzi.

Mu Febuluwale wa 2006, mvula ili pakati, anadzuka m'mawa ulendo wawo wa masiku onse: kuyambira pa Njuli, kupita ku Milepa, kumalizira ku Mauwa. Pobwerera njinga inaterereka pa kamlatho. Amene anawatola akuti anawapeza atanyowa thupi lonse, chifukwa jekete yamvula anavula n'kufunditsa sutikesi. Akutinso mawu oyamba anafunsa ngati sutikesi yalowa madzi. Osati Esnat, osati Angella. Anavulala m'chifuwa, ndipo kuchipatala cha mishoni sanakhalitseko. Sutikesi inabwera kunyumba yopanda ndi kachipsera komwe.

Pamaliro ndinkaiona ili pakona, mtima ukundiwira. Ndinkaonanso maso a alamu anga a Helena, mlongo wawo wamkulu wa malemu, akubwererabwerera pakona pomwepo. Mtembo usanatuluke n'komwe anali atafunsa kale kuti kiyi wa sutikesiyo ali ndi ndani, ati podzagawa katundu pasadzakhale chosowa. Ndiye ndinati mumtima, iyi sindikhala nayo, ndipo inunso simuinyamula. Anaifera, apite nayo.

Kwathu kuno mkamwini akamwalira amabwerera kwawo. A Stefano anakaikidwa kumudzi kwa amayi awo, kumanda kwa mtundu wawo. Ine pamanda amenewo ndilibe mawu. Ichi musachiiwale.

Maliro asanazizire kunabwera a Jeremiah, mkulu wa ofesi ya bungwe lija, atanyamula shuga. Anakhala pamphasa, anapepesa, anayamikira malemu mpaka ine kudabwa ngati akunena munthu yemwe uja anacheka matiresi. Atazungulira mokwanira anati abwera kudzatenga seva. Ndinawauza kumene ili. Anayamba aseka, kuyesa nthabwala za namfedwa. Ataona kuti ine sindikuseka, thukuta linawatuluka pamphuno.

Anandifotokozera kuti makadi a mapepala a odwala anawonongeka mu Januwale, mphepo itasasula denga la chipinda chosungiramo katundu. Zonse zotsala zinali mu seva. Anthu mazanamazana, aliyense ndi mankhwala ake. Popanda zimenezo, wina adzapatsidwa mankhwala amene anamudwalitsa kale, ndipo ena mwa anthuwa thupi lawo silingapirire kulakwitsa kamodzi. Anatsitsa mawu n'kunena kuti palibe kuchitira mwina, pafunika kufukula.

Zimene ndinayankha sindizilemba, Angella amawerenga zolemba zanga. Shuga anabwerera nayo.

Koma a Jeremiah ankadziwa mwambo. Sanabwerenso kwa ine. Anapita kwa a Helena ndi amalume awo a malemu, anapitanso kuboma. Uthenga unandipeza ndikupalira nandolo: akuchimuna avomera, chilolezo chatuluka, Lachisanu dzuwa likapendeka adzukulu akatsegula manda. A Helena akuti ananena kuti amene anaikamo ndiye achite manyazi.

Masiku amenewo chakudya chinkandikanira pakhosi. Munthu amene tinamusambitsa, tinamuveka suti yake yaukwati, tinamuyimbira, akamutsegule patatha masabata ali m'nthaka yamvula, anthu atatseka mphuno? Ndipo chondipweteka kwambiri chinali chakuti a Jeremiah sankanama. Inenso mankhwalawo ndimamwa, sindibisa, m'mawa ndi madzulo. Ndikudziwa chimene mankhwala olakwika amachita m'thupi. Ndiye ukali wanga unasowa pokhala. Ndikaupititsa kwa a Jeremiah unkabwerera, ndikaupititsa kwa a Helena unkakwanako theka, wotsalawo ndinkaupereka kwa mwini wake wagona kumandayo.

A Calvin pamaliro panalibe. Anali ku Mzuzu kumene akazi awo anachira movutikira, ndipo a Jeremiah anati kuwaitana n'kutaya nthawi, poti iwo sangalembe pulogalamu yotulutsa chitsulo pansi. Ine ndinakwera kabaza mpaka pa Njuli, ndinalowa m'sitolo ya foni, n'kuwaimbira ndekha. Ndinawauza kuti chinthu chimene anapangira pakhonde panga chikufukulitsa mnzawo. Anati akwera basi yomwe apeze.

Anafika Lachisanu lomwelo m'mamawa, maso ali psuu, atabwera ndi a Jeremiah pa galimoto ya bungwe. Atagwada n'kupepesa maliro, anakhala pakhonde pamalo pawo pakale.

"Amake Angella, sindikulonjezani kanthu," anatero. "Pulogalamu ija ndinailemba kuti izitha kugwira ntchito pawiri. Seva ikafika pamalo, itha kukokolola zonse n'kusiya kompyuta ili mbee. Ithanso kusiyapo zofanana ndi zonse zimene yanyamula. Ine ndinkati izikokolola, chifukwa makompyutawa mimba zake n'zazing'ono. Achimwene a Stefano ankati izisiya paliponse. Ndinachoka tisanamvane, ndipo wotchera makompyutawo anali iwo."

Ndinafunsa kuti ndiye tidziwa bwanji. Anati n'kupita kukayang'ana, chifukwa zosiyidwazo sizioneka kwa alembi a masiku onse, zimakhala pobisika. A Jeremiah anati iwo sakukana, koma wapolisi ndi wazaumoyo auzidwa kale, adzukulu auzidwa kale, ndipo dzuwa likapendeka popanda uthenga wina ntchito iyambika.

Akukwera galimoto, ine ndinali nditakhala kale kumbuyo. A Jeremiah anati si bwino namfedwa kuyendayenda asanasudzulidwe, anthu anena.

"Ngati lero akufa akutulutsidwa m'nyumba zawo, namfedwa akhalirenji m'nyumba?" ndinawafunsa. "A Halidi, lizani galimoto."

A Halidi, dalaivala, analiza.

Pa Njuli kachipinda kanali kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Panja panali anthu pabenchi, ena owadziwa, atabwera kudzafunsa ngati mankhwala aperekedwe mwezi uno. Anandiona n'kuyang'ana kumbali. Nkhani inali itawanda kuti mayi uja anakwirira mayina awo. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, mokweza, mpaka aliyense anayankha.

A Calvin anakhala pa kompyuta n'kuyamba kugogoda. Galasi linada, panabwera tizilembo toyera tothamanga. Ine kuwerenga ndimatha, ndinalekeza sitandade sikisi, koma zija sizinali za anthu. Ndinkangoyang'ana dazi lawo. Litayamba kunyezimira ndinati zavuta. Kenako anavula mandala, anawapukuta ndi malaya, n'kunena osatembenuka kuti achimwene sanawamvere. Zinalimo. Za pa Njuli, za ku Milepa, za ku Mauwa, zonse zili phee m'mimba mwa kompyuta imene anthu ankaiyesa yopanda kanthu.

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, n'kumva mpweya ukulowa mpaka m'mimba koyamba chichokereni kumanda. Ndinati mumtima, makani anu aja lero agwira ntchito, bambo inu. A Halidi anatuluka kukauza a pabenchi, ndipo ndinamva mayi wina akuyamika Mulungu chapansipansi.

A Jeremiah okha sanasangalale msanga. Anafunsa kuti tidziwa bwanji kuti zakwana. Ndinkafuna kuwalasa ndi mawu, koma funso linali labwino. Ndinati ayang'ane dzina langa. A Calvin anazengereza, ati za odwala n'zachinsinsi. Ndinati chinsinsicho n'changa, ndipo ndatopa nacho. Anagogoda, dzina linabwera, iwo n'kuwerenga mankhwala amene ndimamwa.

Anali akale. Aja ankandiotcha mapazi mpaka kulephera kuponda pansi m'mawa. Anandisinthira ku Milepa, kumene ndimalandirira, patangotsala masiku ochepa ngozi isanachitike. Kompyuta ya pa Njuli zimenezo sinkazidziwa.

A Calvin anafotokoza mosavuta. Tsiku lomaliza lija seva inayambira pa Njuli, ndiye zimene inatola ku Milepa ndi ku Mauwa sinabwere nazo kuno. Za pano zinali zotsalira ndi ulendo umodzi. Ndipo mwezi umenewo ku Milepa anasinthira mankhwala anthu ambiri, ena n'kuwayambitsa kumene. Ndinadziona ndekha nditaima pawindo, akundipatsa aja oyatsa mapazi, kompyuta ikuvomereza. Tinakwera galimoto.

Za ku Milepa n'zachidule. Kompyuta ya kumeneko inali nkhalamba kuposa zonse, mimba yake ngati ya mpheta, ndiye imeneyo a Stefano anaitchera kuti izikokololedwa. A Calvin anafufuza uku ndi uku. Munalibe kanthu. Mlembi wa pamalopo anati iye amakumbukira nkhope, koma kuti uyu anamusinthira ati, sangalumbire.

Kunja a Jeremiah anayang'ana dzuwa, n'kundiyandikira. Anati mayi, pepani, inenso ndili ndi abale kumanda, sindikuchita izi mokondwa. Ndinawakhulupirira, ndipo zinandikwiyitsa kuti ndawakhulupirira. A Calvin anati kwatsala ku Mauwa. Kumeneko ndi kumene seva inafika pomaliza, itanyamula kale za ku Milepa. Ngati inasiyako zake, ndiye kuli zonse. Ngati nayonso inatcheredwa ngati iyi, basi.

A Halidi anati msewu wa ku Mauwa ndi phala lokhalokha. Ndinati phala timadya. Tinapita.

Galimoto inatitimira pa dambo lina. Tinatsika tonse kukankha. A Jeremiah anali atavala nsapato zakuda zonyezimira, zija za mu ofesi, ndipo imodzi inatsalira m'matope, iwo n'kuponda ndi sokosi. Sanadandaule. Anaizula, anaithira madzi a m'chithaphwi, n'kubwerera kudzakankha pafupi ndi ine. Tayala litazungulira linatimwaza matope tonse awiri kumaso. A Halidi anasuzumira pawindo n'kunena kuti tsopano bwana ndi namfedwa afanana, sakudziwa woti amutsegulire chitseko. Ndinaseka. Sindinafune, koma zinatuluka zokha.

Ku Mauwa tinapeza chitseko chokhoma. Wosunga kiyi, a Nabanda, mayi wodzipereka wa bungwelo, anali kumunda, ndipo anabwera akuthamanga khasu lili paphewa. Atandizindikira anagwada n'kuyamba kulira maliro. Ndinawadzutsa, ndinati tilira bwino pambuyo, panopa tsegulani.

Kompyuta inali itafunditsidwa chitenje. A Nabanda anati chimvereni za ngozi sanaikhudze, poti womaliza kuigwira anali malemu, ndipo ankaona ngati kuiyatsa n'kufufuta manja awo. Odwala ankangowalemba pamtima. A Calvin anati mwachita bwino kwabasi, anachotsa chitenje, n'kudina. Zii. Anadinanso. Zii.

Ndinagwira chitseko. Koma a Calvin anagwada pansi pa tebulo, anayeza batire la sola, n'kunena kuti kompyuta ilibe mlandu, batire ndi limene lafa ndi njala chifukwa cha mitambo ya masabata onsewa. Maso onse anapita kwa a Halidi. Iwo anayamba kudandaula kuti batire la galimoto si la masewera, likatha tigona konkuno, ndipo kwa a Nabanda sakuonako mphasa zokwana. Akudandaula choncho anali akubweza galimoto kukaiimika pa chitunda choyang'ana kumunsi, kuti ikakana kulira tidzangoikankha. Anamasula batire, analinyamula pamimba ngati mwana, n'kudzalitula pansi pa tebulo.

Kompyuta inalira ngati chigayo chakutali. Inatenga nthawi yake, yosadziwa kuti kwina anthu akunola makasu. A Calvin anagogoda. Tizilembo tija tinathamanga, tinaima, tinathamanganso. M'kachipindamo munali anthu asanu koma ankamveka ndi mpweya wa a Jeremiah wokha.

Sanandifunsenso. Analemba okha dzina langa, n'kutembenuza galasi kuti ndione.

Ndinawerenga ndekha, ndi chala. Dzina langa, mudzi wanga. Pansi pake mankhwala akale, ndi mawu akuti asiye, mapazi. Pansi pakenso atsopano aja, ndi tsiku lake, ndi malo: Milepa.

"Zonse zilimo," anatero a Calvin. "Za ku Milepa mpaka tsiku lomaliza. Palibe chimene chili pansi chimene sichili pano."

A Jeremiah anakhala pa mpando wa odwala, anaphimba nkhope ndi manja amatope aja. Atachotsa anati, "Mayi, manda aja sakhudzidwa." Anabwerezanso kachiwiri, ngati akudziuza okha.

Chimene ndinamva ine ndi njala. Njala yeniyeni, yoluma, imene inandithawa masiku onse aja. Ndinafunsa a Nabanda ngati pali chilichonse, iwo n'kuthamanga kukabwera ndi mondokwa wootcha m'mbale. Ndinadya nditaima, ndikuyang'ana dzina langa pagalasi, njere zikugwera pansi. Wokoma ngati ameneyo sindinadyeponso.

A Calvin anali akukopera zonse m'timbale tonyezimira tija amati masidi, kuti zisakhalenso malo amodzi ngakhale usiku umodzi. A Jeremiah anafunsa kuti nanga seva ina itenga miyezi ingati, ichokera kunja kapena. A Calvin anaseka. Anati chimene chili pansi ndi zitsulo zotola, za makompyuta akufa. Seva yeniyeni ndi pulogalamu, ndipo ili m'chikwama mwawomo. Atha kuiika m'kompyuta yakale iliyonse, ya mtundu uliwonse, sabata yamawa n'kuyamba kuyenda. Anati ndi mmene anaipangira dala ndi achimwene, kuti chitsulo chikafa ntchito isafe. Atanena mawu akuti achimwene anasiya kuseka, n'kuyang'ana kukhoma kanthawi. Ine ndinangowauza kuti yatsopanoyo iziyenda pa galimoto ndi a Halidi, nthawi yamvula pasapezeke mwamuna wa munthu pa njinga.

Ndi a Nabanda amene anatikumbutsa. Anasuzumira panja n'kunena kuti dzuwa lapendeka kale.

Foni ya m'manja ya a Jeremiah kumeneko sinkagwira, ndipo ngakhale ikanagwira, kumanda kunalibe woimbiridwa. A Halidi anabwezera batire mofulumira. Galimoto inakana. Tinaikankha kutsika chitunda chija, inatsokomola, n'kulira. Dambo lija a Halidi analidutsa chothamanga, matope akuuluka mbali zonse, a Jeremiah atagwira denga. Ine ndinkangoona makasu m'maso mwanga. Ndinkati mwina afika pa sutikesi, mwina afika pa bokosi. Ndinapemphera Tikuoneni Maria, koma ndinkangobwereza chiyambi chokhachokha.

Titafika kumudzi kwa apongozi anga dzuwa linali litatsika ndithu. Ndinatsika galimoto isanaime bwino.

Adzukulu anali pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa manda, atakhala mozungulira. Wapolisi anali pa mpando atatambasula miyendo, wazaumoyo akuyendayenda atavala kale zophimba kumphuno. A Gregorio anali ndi khasu pamiyendo, akukhoma mpini ndi mwala, pang'onopang'ono, ngati munthu amene alibe kopita.

Wazaumoyo anathamangira a Jeremiah n'kuyamba kudandaula. Ati anthu awa kuyambira masana akungozengereza. Poyamba anati makasu aguluka, onse nthawi imodzi. Atakhoma anati sangalowe kumanda ndi njala. Atadya anati kukubwera mvula, dzenje lingadzaze madzi, tidikire mtambo udutse. Mtambo utadutsa khasu la a Gregorio linagulukanso.

A Jeremiah anakweza dzanja n'kunena kuti zapezeka, kufukula kulibe. Anapepesa wapolisi, anapepesa wazaumoyo, anapita kukagwada pamaso pa amalume a malemu.

A Gregorio anaika mwala pansi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwachedwatu. Ine mabodza anali atandithera. Kunatsala kukomoka basi."

Adzukulu anaseka, ena akuimirira n'kudziwongola. Mmodzi anati iye chibadwire amakumba polowetsa, potulutsa sakudziwa poyambira. Anayamba kusonkhanitsa makasu kuti azipita.

Ndinapempha amalume kuti ndikaone pamanda. Anavomera ndi mutu. Ndinalowa ndekha. Mtumbira unalipo, wosakhudzidwa, nkhata zofota zili pomwe tinazisiya. Koma mvula inali itaudya. Pakati panatitimira, madzi atadikha, ndipo m'mbali munali ming'alu. Mtanda unapendekera kumodzi. Ndinaima pamenepo. Zoti ndiwauze bambowa ndinali nazo zambiri, ndinazikonza njira yonse, koma pofika apo zinandithawa. Ndinangowauza kuti gonani, palibe akusokonezeni.

Nditatembenuka ndinaona a Helena ataima kumbuyo kwanga. Anali ataonda masiku ochepa omwewa, milomo itauma. Anati, motsitsa mawu, kuti iwo anavomera chifukwa anaopa boma, ndipo chivomerereni sanaone tulo. Ndinawauza kuti tulo tanga ndi iwo omwe anandilanda, ndiye asandidandaulire. Anayang'ana potitimira paja n'kunena kuti mchimwene wawo akunyowa.

Apo pokha tinagwirizana. Ndinatuluka n'kuitana a Gregorio asanafike patali. Ndinati makasu abwera kale, mipini mwakhoma tsiku lonse, ndiye asabwerere osagwira ntchito. Mtumbira watitimira.

Anabwerera onse. Nthawi ino palibe khasu linaguluka. Anachotsa madzi aja, anatapa dothi louma pa chulu cha m'mphepete, n'kuyamba kuunjika. A Calvin anavula nsapato, anapempha khasu, ndipo adzukulu anawaseka kagwiridwe kake, ati a ku Blantyre amagwira ngati cholembera. A Halidi anawongola mtanda n'kuutsendera ndi chidendene. Ine ndi a Helena tinkatuta miyala yotchingira m'mbali kuti madzi asakokololenso. Sitinayankhulane, ndipo asaganize kuti za kiyi zija ndaiwala. Koma mulu wa miyala unali umodzi, ndiye tinkakumana pomwepo.

Mtumbira unakwera kuposa tsiku la maliro. A Gregorio anausalaza ndi kumbuyo kwa khasu, anabwerera m'mbuyo kuuyang'ana, n'kundifunsa ngati wakhala bwino. Ndinauzungulira. Ndinati awonjezere dothi chakumutu.

Anawonjezera.